Mafunso ndi mayankho: bilu yatsopano ya matenda a maganizo ku England ndi Wales, ikutikhudza bwanji ife?

Ndimagwira ntchito yothandizira manesi mu wodi ya odwala matenda a maganizo kuno ku England, ndipo chiyambireni nkhani ya bilu yatsopanoyi anthu a kumpingo, a m'magulu athu a WhatsApp, olo achibale omwe ali kumudzi akhala akundifunsa mafunso omwewomwewo. Ena amva zoti boma likufuna lizitsekera anthu mophweka, ena amva zoti likufuna lizitulutsa anthu oopsa m'zipatala, nde ndati bola ndingolemba zonse pamodzi kuti wina akafunsa ndizingomutumizira. Nkhaniyi imandikhudza kwambiri chifukwa ana athu ambiri amafika mu wodi mochedwa, pa galimoto ya apolisi, zinthu zitaipa kale, pomwe akanatha kuthandizidwa miyezi ingapo m'mbuyomo akadali kunyumba.

Kodi bilu imeneyi ndi chani kwenikweni?

Dzina lake ndi Mental Health Bill ndipo ikukonza lamulo lakale la Mental Health Act la 1983, lomwe ndi lomwe limapereka mphamvu zogoneka munthu m'chipatala ndi kumupatsa mankhwala olo iyeyo akukana, ngati matenda ake akuika moyo wake kapena wa anthu ena pachiswe. Sikuti akutaya lamulo lonse ayi, akungosintha mbali zikuluzikulu. Nkhaniyi ndi yakalekale. Mu 2017 Theresa May ali nduna yaikulu anapempha Sir Simon Wessely, dokotala wa matenda a maganizo, kuti aunike lamuloli, ndipo lipoti lake linatuluka mu Disembala 2018 ndi mfundo 154. Boma la Conservative linatulutsa chikonzero cha bilu mu 2022 koma silinapite nayo ku palamenti, kenako boma la Labour linailowetsa ku House of Lords mu Novembala 2024 ndipo mu 2025 inafika ku House of Commons, zonsezi ndi nyumba za palamenti, kenako mu Disembala 2025 inavomerezedwa kukhala lamulo, Mental Health Act 2025, ngakhale muno ndizingoitchabe bilu.

Anthu amati "amusekishona", kumeneko nde kutani?

Ndi mmene timayankhulira kuntchito, kutanthauza kuti munthu wasungidwa m'chipatala pansi pa gawo lina la lamulo, sangangonyamuka n'kumapita. Sekishoni 2 ndi yomuunika, imafika masiku 28. Sekishoni 3 ndi yomupatsa chithandizo, pa lamulo la 1983 imayamba ndi miyezi 6, n'kuonjezera ina 6, kenako chaka ndi chaka. Kuti zimenezi zichitike pamafunika madokotala awiri ndi munthu wina wotchedwa AMHP, nthawi zambiri amakhala wa zachisamaliro cha anthu yemwe anaphunzira mwapadera za lamuloli, ndipo iyeyu ndi amene amapanga chiganizo chomaliza cholemba pempho. Dokotala mmodzi yekha sangangodzuka n'kukutsekerani miyezi.

Palinso zina zazifupi. Munthu amene anagonekedwa mwa kufuna kwake akafuna kutuluka pomwe zikuoneka kuti akadzipweteka, dokotala atha kumuimitsa maola 72, nesi maola 6 podikira dokotala. Ndiye pali sekishoni 136 ya apolisi, tiikamba kutsogoloku. Mu chaka cha 2023 mpaka 2024 ku England kokha anthu anasungidwa motere maulendo oposa 52,000, si nkhani ya anthu ochepa ayi.

Ndiye biluyi ikupangitsa kuti kugwira munthu kuphweke kapena kuvute?

Ikukweza muyezo. Pa lamulo lakale mawu ake ndi otakasuka, akuti munthu asungidwe pofuna thanzi lake, chitetezo chake kapena kuteteza ena. Biluyi ikuti payenera kuoneka kuti pangachitike choopsa chachikulu kwa iye mwini kapena kwa munthu wina, ndipo madokotala aganizire kuti choopsacho ndi chamtundu wanji, ndi chachikulu bwanji, komanso mpata woti chichitikedi ndi wotani. Chinanso chomwe ine ndimachikonda, chithandizo chomwe akumusungira chikhale choti chingamuthandizedi, osati kungomusunga ngati katundu kuti asasowetse mtendere kunja.

Nthawi nayonso akuifupikitsa. Sekishoni 3 iziyamba ndi miyezi 3 m'malo mwa 6, kenako ina 3, kenako 6, ndiye pambuyo pake chaka. Kutanthauza kuti madokotala azikakamizika kukhala pansi pafupipafupi n'kudzifunsa ngati munthuyu akufunikadi kukhalabe. Mwayi wokadandaula ku tribunal, kabwalo kapadera komwe kamatha kulamula kuti munthu atulutsidwe, nawonso ukuchuluka, wa sekishoni 2 azikhala ndi masiku 21 olembera m'malo mwa 14. Ndipo dziwani kuti loya wa ku tribunal ndi waulere, safunsa kuti mumalandira zingati.

Nanga zimene zinachitika ku Nottingham zija, sizikusonyeza kuti lamulo likufunika kukhwima m'malo mofewa?

Funso ili ndi lomwe limandivuta kwambiri ndipo sindikufuna kuliyankha mothamanga. Pa 13 Juni 2023 Valdo Calocane, yemwe amadwala matenda aakulu a maganizo otchedwa paranoid schizophrenia, anapha anthu atatu ku Nottingham, ophunzira awiri a pa yunivesite a zaka 19, Barnaby Webber ndi Grace O'Malley-Kumar, ndi bambo wa zaka 65 wosamalira pa sukulu, Ian Coates, kenako anagunda anthu ena atatu ndi galimoto. Mabanja a anthu anaphedwawo mpaka lero akulira ndipo ali ndi chifukwa chonse chokwiyira.

Koma mukawerenga zomwe bungwe loyendera zipatala la CQC linapeza mu 2024 muona kuti vuto silinali loti lamulo linalibe mphamvu. Munthuyu anali atasekishonidwa kanayi. Mphamvu zinalipo ndipo zinagwiritsidwa ntchito. Chomwe chinalakwika ndi zomwe zimachitika akatuluka, amasiya kumwa mankhwala, sabwera kokumana ndi achipatala, achibale ake amadandaula koma mawu awo samapita patali, jakisoni wa mwezi ndi mwezi yemwe akanathandiza sanapatsidwe, ndipo mu Seputembala 2022 anangomuchotsa m'kaundula n'kumubweza kwa GP, dokotala wa matenda wamba wa m'dera lake, chifukwa choti samabwera. Taganizani, munthu amene matenda ake enieniwo ndi omwe akumupangitsa kuthawa chipatala, nde mukumusiya chifukwa wathawa chipatala. Panadutsa miyezi pafupifupi 9 asanaonedwe ndi wina aliyense wa matenda a maganizo.

Nkhaniyi inakhudza mmene biluyi inalembedwera. Mu chikonzero cha 2022 munali mawu oti madokotala aziganiziranso kuti choopsacho chingachitike posachedwa bwanji, koma mu bilu ya 2024 anawachotsa poopa kuti anthu azidikira mpaka mpeni uli m'manja. Anaikamonso zoti dokotala wamkulu asanatulutse munthu pa sekishoni ayenera kufunsa kaye katswiri wina yemwe wakhala akumusamalira. Kwa ine zimenezi ndi zabwino, koma ndinene mosabisa, palibe chiganizo cha mu bilu chomwe chingagogode pakhomo pa wodwala amene wasowa milungu itatu. Amagogoda ndi munthu, nesi wa m'dera yemwe ali ndi nthawi ndi galimoto, ndipo manesi amenewo ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi anthu omwe akuyenera kuwayendera.

Kodi anthu odwala matendawa ndi oopsa?

Ambiri ayi. Pa zaka zonse zomwe ndagwira mu wodi, munthu amene wodwala amafuna kumupweteka nthawi zambiri ndi iye mwini. Ambiri amakhala amantha, osagona, osokonezeka, ndipo kunjaku iwowo ndi amene amaberedwa ndi kumenyedwa. Zoopsa kwa ena zimakula pamene psychosis, kumva, kuona kapena kukhulupirira zinthu zomwe kulibe, yakhala nthawi yaitali yosathandizidwa, makamaka pakalowanso chamba champhamvu chija kapena mowa. Mawu oti "wamisala" omwe timaponyerana aja amapangitsa banja kubisa mwana m'chipinda mpaka zitafika pomwe sizingabisikenso.

Bwanji anthu akuda amadandaula kwambiri ndi lamulo limeneli?

Chifukwa manambala enieniwo a NHS, bungwe la zipatala za boma, a chaka cha 2023 mpaka 2024 anasonyeza kuti munthu wakuda ku England amasekishonidwa kuposa katatu ndi theka poyerekeza ndi mzungu, ndipo pa ma CTO, lamulo lokakamiza munthu kutsatira chithandizo atatuluka m'chipatala, kusiyanako kumafika kasanu ndi kawiri. Ichi chinali chimodzi mwa zifukwa zomwe Theresa May anaitanitsira kafukufuku uja.

Ndipo si manambala okha, pali maliro. David Bennett, yemwe ankadziwika kuti Rocky, anamwalira mu 1998 mu chipatala ku Norwich atapanikizidwa pansi chafufumimba ndi ogwira ntchito kwa mphindi pafupifupi 25. Olaseni Lewis, mnyamata wa zaka 23, anapita yekha kukafuna thandizo mu 2010 ndipo anamwalira atapanikizidwa ndi apolisi 11 mu chipatala cha Bethlem Royal ku London. Makolo ake analimbana zaka zambiri mpaka mu 2018 panatuluka lamulo lomwe anthu amalitcha Seni's Law, lokakamiza zipatala kulemba ndi kufotokoza nthawi iliyonse yomwe zagwiritsa ntchito mphamvu pa wodwala.

Nde munthu akandiuza kuti ndikuopa kupititsa mwana wanga kumeneko sindimamuseka, mantha ake ali ndi pochokera. Koma taonani mmene zimazungulirira. Timaopa, nde timachedwa. Tikachedwa mwana amadwalitsitsa, tsiku lina wakuwa mumsewu kapena waswa zenera, aneba aimba 999, amafika ndi apolisi atamangidwa maunyolo, ndipo mu fayilo yake mawu oyamba kulembedwa ndi oti ndi wovuta. Fayilo imeneyo imamutsata moyo wonse. Biluyi payokha sithetsa tsankho ndipo mabungwe ambiri anena kale kuti pa nkhani ya mtundu ikanatha kupita patali, koma ikutsegula makomo angapo oti mawu a wodwala ndi a banja azimveka, ndipo makomo amenewo tiyenera kuwadziwa.

Mayi anga ali ku Malawi, ine ndili kuno ndekha. Nditadwala, angandiyankhulire?

Apa nde pamene ndikufuna aliyense amvetsetse bwinobwino. Pa lamulo la 1983 pali munthu wotchedwa nearest relative, wachibale amene lamulo limamupatsa mphamvu, atha kupempha kuti wodwala aunikidwe, atha kukana sekishoni 3, atha kulemba kalata yoti wodwala atulutsidwe pakatha maola 72 ngakhale kuti dokotala atha kuitchinga ngati akuona kuti pali choopsa. Koma munthuyu simusankha inuyo. Lamulo lili ndi mndandanda wake, mwamuna kapena mkazi wanu, kenako mwana, kenako bambo kapena mayi, achimwene kapena achemwali, agogo, mdzukulu, amalume ndi azakhali, ndiye ana a achimwene kapena achemwali kumapeto, ndipo pa anthu a mzere umodzi amatenga wamkulu. Kwathu mwini mbumba ndi malume, iwo ndi amene amaitanidwa zinthu zikavuta, koma kuno ali kumunsi kwa mndandanda. Choopsa kwambiri nchakuti ngati inu mumakhala kuno, wachibale amene amakhala kunja kwa dziko lino samawerengedwa n'komwe.

Ndinazionera ndekha usiku wina. Anabweretsa mnyamata wa kwathu komweko cha m'ma 2 koloko, wavala sokosi phazi limodzi lokha, jekete yonyowa, maso ali psuu chifukwa anali atatha masiku anayi osagona. Nditamulankhula mu Chichewa kuti achimwene khalani pansi mumwe tiyi anandiyang'ana nthawi yaitali kenako n'kuyamba kulira. M'mawa mwake mayi ake anaimba pa vidiyo ali pakhonde kumudzi, chitenje chili paphewa, tambala akulira kumbuyo, akufunsa kuti mwana wanga mwamutani, ndipo akunena kuti mwanayu anadwalaponso chonchi ali ku sekondale ndipo mankhwala ena ake anamuumitsa khosi mpaka lilime kutuluka. Mayi amene amadziwa mbiri yonse ya mwana, koma pa lamulo sanali kanthu. Amene anapezeka pa mndandanda anali wachibale wina wa mumzinda wina yemwe anali asanalankhulane ndi mnyamatayo zaka zitatu. Tinalemba zomwe mayi aja ananena ndipo dokotala anazimva, koma zinatengera mwayi woti pa shifiti imeneyo panali munthu womva chilankhulo chawo.

Biluyi ikuchotsa dongosolo limeneli n'kuika nominated person, munthu amene mwasankha nokha mukadali bwino kapena nthawi iliyonse yomwe mutu ukutha kupanga chiganizo. Atha kukhala mnzanu, mlamu wanu, mayi wa kumpingo, aliyense amene mumamukhulupirira. Azifunsidwa za ndondomeko ya chithandizo chanu, za kukusamutsirani chipatala china, ndipo atha kutsutsa CTO. Izi zikuthandizanso amayi omwe mwamuna amene amawazunza ndi yemweyo amene lamulo lakale limamupatsa mphamvu pa iwo. Mukadwala musanasankhe ndipo simukutha kusankha, AMHP ndi amene adzakusankhireni. Langizo langa ndi loti sankhani munthu amene angafike pa wodi ndi thupi lake, kukhala mu miting'i, n'kumalumikizana ndi makolo kumudzi.

Ndamva za chikalata cholemberatu zofuna zako, chimagwira bwanji?

Amachitcha advance choice document. Munthu amene anadwalapo kapena akudziwa kuti atha kudwala amalemba akadali bwino kuti ndikadzadwala mankhwala awa amandithandiza, awa amandipweteka, muimbire uyu, uyu musamuuze, ndimapemphera motere, sindidya zakutizakuti, ana anga akawasunge uje. Biluyi ikulamula mabungwe a NHS kuti azidziwitsa anthu za chikalatachi ndi kuwathandiza kulemba, ndipo dokotala ayenera kuganizira zofuna zanu posankha mankhwala. Ngati mwakana mankhwala ena ake mutu uli bwinobwino, kuti akupatsenibe payenera kukhala chifukwa champhamvu ndipo dokotala wina wapadera wochokera kunja kwa chipatalacho avomereze kaye. Sikuti chilichonse chomwe mwalemba chidzatsatidwa, koma kuchiphwanya kukhala kovuta ndipo ayenera kufotokoza chifukwa.

Palinso ndondomeko ya chisamaliro yomwe tsopano ikhala yokakamizidwa ndi lamulo, yolembedwa, yonena kuti munthuyu tikumuthandiza chani ndipo kuti atuluke pakufunika chani. Ndipo oyankhulira odwala, otchedwa ma IMHA, azibwera okha kwa munthu wosekishonidwa m'malo modikira kuti awaitane, chifukwa munthu wosokonezeka sangadziwe kuti pali munthu wotero.

Apolisi azitengabe anthu?

Eya, sekishoni 136 ikhalapobe. Wapolisi akapeza munthu pamalo osakhala m'nyumba mwake, akuoneka kuti mutu wasokonekera ndipo akufunika thandizo pompopompo, atha kumutengera pamalo otetezeka kwa maola 24, ndipo dokotala atha kuonjezera 12. Kulowa m'nyumba kumafuna chilolezo cha khoti pansi pa sekishoni 135. Chomwe biluyi ikuchotsa ndi kugwiritsa ntchito selo ya polisi kapena ndende ngati malo otetezeka. Munthu wodwala sakuyenera kugona pa simenti m'chitokosi ngati wakuba. Akaidi omwe adwala kwambiri nawo akuikiridwa malire a masiku 28 kuti asamutsidwire ku chipatala.

Komanso dziwani kuti apolisi ambiri ku England anayamba ndondomeko ya Right Care, Right Person, ku London inayamba mu Novembala 2023, yoti samabweranso pa nkhani iliyonse ya matenda a maganizo pokhapokha pali chiopsezo chenicheni pa moyo kapena mlandu. Nde mukaimba 999 nenani zenizeni zomwe mukuona, wanyamula chani, wanena kuti achita chani, osangoti sakupeza bwino.

CTO yomwe mukuitchulayi ndi chani?

Ndi lamulo loti munthu watuluka m'chipatala koma ali ndi zoti azitsatira, kawirikawiri kubwera kudzabayitsa jakisoni wake ndi kuonana ndi achipatala, ndipo zikayamba kusokonekera atha kuitanidwanso ku chipatala mwachangu mpaka maola 72 osayambiranso ndondomeko yonse. Zinayamba mu 2008. Ena zimawasunga bwino zaka zambiri, ena amaziona ngati chingwe cha pakhosi chosatha, ndipo monga ndanena kale zimagwera kwambiri anthu akuda. Biluyi sikuzichotsa koma ikuti muyezo wake ukhale wofanana ndi wa kusekishona, ndipo dokotala wa m'dera amene azimuona munthuyo akatuluka avomereze nawo.

Mwana wanga ali ndi autism, zikumukhudza?

Kwambiri. Pa lamulo lakale autism imawerengedwa m'gulu la matenda a maganizo omwe munthu atha kusungidwira, ndipo pali anthu pafupifupi 2,000 a autism kapena ovutika kuphunzira omwe ali m'zipatala zotere ku England, ena zaka ndi zaka, pomwe autism si matenda oti mankhwala angachize. Biluyi ikuti munthu asasungidwe pa sekishoni 3 chifukwa cha autism kapena kuvutika kuphunzira kokha, pokhapokha ali ndi matenda ena a maganizo pamwamba pake. Masiku 28 a sekishoni 2 atha kuchitikabe. Boma linanena kuti gawo limeneli lidzayamba pokhapokha m'madera mukhale chisamaliro chokwanira cholandira anthuwa, nde makolo musayembekezere kuti zisintha mawa.

Mapepala anga sali bwino, kapena viza yanga imati sindingalandire thandizo la boma. Andilipiritsa? Andithamangitsa?

Ili ndi funso lomwe anthu amandifunsa monong'ona. Kusekishonidwa pa sekishoni 2 kapena 3 si mlandu, simupita ku khoti la milandu. Chithandizo chomwe munthu amalandira atasungidwa pansi pa lamuloli salipira, kaya mapepala ake ali bwanji. Kuonedwa ku A&E, mbali ya chipatala yolandira odwala mwadzidzidzi, ndi kwaulere kwa aliyense, ndipo ku England kulembetsa kwa GP sikufuna kuti muonetse viza. Amene anakhala pa sekishoni 3 ali ndi ufulu wa chisamaliro chaulere akatuluka, chomwe chimatchedwa sekishoni 117, ndipo chimenechi sichili m'gulu la thandizo lija lomwe viza imaletsa. Ndaonapo banja likusunga mtsikana wodwala m'chipinda chapamwamba miyezi iwiri, akusinthana kumulondera usiku kenako m'mawa kupita ku shifiti, chifukwa choopa kulipira ndalama za chipatala pomwe panalibe cholipira.

Ife timakhulupirira mapemphero, achipatala sadzatiletsa?

Ayi, ndipo inenso ndimapemphera. Zipatala zili ndi abusa ndi mashehe oyendera odwala, Baibulo kapena Korani munthu amakhala nayo, abusa anu atha kubwera nthawi yoona odwala. Chomwe ndikupempha ndi choti tisamasankhe chimodzi. Munthu amene akumva mawu omwe ena sakumva, watha sabata osagona, akuti aneba amuikira makamera m'nyumba, kumusalitsa kudya masiku atatu ndi kumukuwira usiku wonse kumangoonjezera moto, chifukwa kusagona ndi njala ndi zomwe zimakulitsa matendawa. Ndipo chonde abusa, musamauze munthu kuti wachira ataye mapilisi. Ambiri omwe amabwereranso mu wodi amabwera patatha miyezi iwiri itatu chisiyireni mankhwala, ndipo ulendo wachiwiri umakhala wovuta kuposa woyamba. Mukaona kuti mankhwala akumunenepetsa kwambiri, akumugonetsa tsiku lonse kapena akumunjenjemeretsa, zimenezo ndi zoona ndipo zimawawa, pitani naye mukauze dokotala asinthe, mitundu ilipo yambiri.

Ndili ku Scotland, zikundikhudza? Nanga kwathu?

Ayi, biluyi ndi ya England ndi Wales. Scotland ili ndi lamulo lake la 2003, Northern Ireland nayonso ili ndi ake. Kwathu ku Malawi lamulo la Mental Treatment Act la 1948, lomwe anatisiyira atsamunda, linakhala zaka zoposa 70, ndipo anzathu a ku Zambia anasintha lawo mu 2019. Ndikutchula izi chifukwa makolo akamva kuti mwana ali mu chipatala cha matenda a maganizo, m'mutu mwawo mumabwera chithunzi cha ku Zomba cha kalekale ndi nkhani zomwe anamva ali ana, nde muziwafotokozera modekha kuti mwana ali ndi chipinda chake, akudya, ali ndi loya, ndipo atha kuyankhula naye pa foni.

Zonsezi ziyamba liti?

Osati tsiku limodzi. Boma lenilenilo linanena kuti kukhazikitsa zonse kutenga zaka pafupifupi 10, chifukwa pakufunika kulemba kaye buku latsopano la malangizo, kuphunzitsa ogwira ntchito, ndi kupeza madokotala ndi oweruza a tribunal oonjezera. Kufikira gawo lililonse litayambitsidwa, malamulo a 1983 ndi omwe akugwira ntchito, kuphatikizapo nkhani ya nearest relative ija. Ndipo nkhawa yanga yaikulu ili pa mabedi ndi anthu ogwira ntchito. Ndaonapo munthu madokotala atagwirizana kale kuti agonekedwe akudikira pa mpando ku A&E masiku awiri chifukwa bedi kulibe, kenako n'kutumizidwa mtunda wa maola atatu kutali ndi aliyense womudziwa. Muyezo ukakwera koma thandizo la m'dera osakula, anthu ena azingobwezedwa kunyumba kwa mayi wotopa kale.

M'bale wanga wayamba kusintha, nditani panopa osadikira biluyi?

Yambani kulemba. Tengani kope kapena foni, lembani tsiku ndi zomwe mwaona, wagona maola angati, wadya kapena ayi, wanena mawu anji enieni, wasiya liti mankhwala, akusuta chani. Dokotala amene amuona mphindi 15 atha kupeza munthu waulemu wovala bwino akuyankha bwinobwino, chifukwa ambiri amatha kudzigwira kanthawi kochepa, koma kope lanu limaonetsa milungu itatu yonse.

Pitani naye kwa GP ndipo ngati mukuganiza kuti ndi psychosis yoyamba tchulani timu ya early intervention, yothandiza matendawa akangoyamba, ku England cholinga chawo ndi choti munthu ayambe kuthandizidwa pasanathe milungu iwiri. Zikavuta usiku imbani 111 n'kusankha za matenda a maganizo, amayankha maola 24. Ngati moyo uli pachiswe pompano, 999 kapena A&E. Amene akungofuna woyankhula naye, Samaritans ndi 116 123, yaulere. Ngati ndinu nearest relative muli ndi ufulu wopempha khonsolo ya dera lanu kuti AMHP aganizire zomuunika, ndipo akakana ayenera kukupatsani zifukwa zake molemba.

Achipatala akakuuzani kuti sitingakuuzeni kanthu chifukwa cha chinsinsi cha wodwala, ayankheni kuti chabwino musandiuze, koma ine ndikufuna ndikuuzeni. Chinsinsi chimawaletsa kuulula, sichiwaletsa kumvetsera. Tumizani imelo kuti pakhale umboni woti munanena, tsiku lakutilakuti. Chotsani mwakachetechete mapilisi ambiri osungidwa ndi zinthu zakuthwa pamalo oonekera, musatsutsane naye pa zomwe akukhulupirira chifukwa kwa iye ndi zenizeni, ingomuuzani kuti ndikuona kuti ukuopa ndipo ndili nawe. Mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha, kufunsa sikumuika maganizowo m'mutu, ambiri amapuma kuti pomaliza wina wafunsa.

Ndipo akadzakhala bwino, tsiku lina muli phee mukudya nsima, mufunseni kuti zikadzachitikanso ukufuna tiimbire ndani, mankhwala ati anakuyanja, amayi kumudzi tiwauze kapena tidikire kaye. Lembani pa pepala, asayine, wina asunge kope lake ndipo lina mukapereke kwa GP kuti lilowe mu fayilo.